Atomu, aisotopu ndi periodic table: tizinena bwanji m'Chichewa?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina ku Dedza. Mayeso ndi a Chingelezi, koma ana akasowa mutu wa nkhani ndimawafotokozera m'Chichewa. Atomu ndimati "kanthu kakang'onong'ono kosagawika", maaisotopu ndimati "mapasa", ndipo periodic table ndimati "gome la nyengo". Kodi mawuwa ali bwino?

Yankho: Aphunzitsi, kufotokozera ana m'chiyankhulo chawo musakusiye. Koma mawu atatu onsewa ali ndi kachilema, ndipo chilemacho chikhoza kuwatsatira anawo mpaka pa mayeso a MSCE.

"Kosagawika" anali maganizo a Agiriki akale amene anatipatsa dzinali, koma sayansi inawapitirira. Mu atomu muli tizinthu tina tating'ono kwambiri totchedwa maelekitironi, mapulotoni ndi manyutironi. Mu 1897 J.J. Thomson anapeza maelekitironi, mu 1911 Ernest Rutherford anaonetsa kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli pakati pake, ndipo mu 1932 James Chadwick anapeza manyutironi. Mwana amene lero mwamuuza kuti atomu sigawika, mawa mukamujambulira zam'kati mwake, adzati aphunzitsi akudzitsutsa. Ingonenani kuti atomu. Mawuwa amayenda ngati sukulu: atomu imodzi, maatomu ambiri, ndipo "ma" ameneyu tizimulemba molumikiza. Pakati pa atomu pomwe pamakhala mapulotoni ndi manyutironi mukhoza kupatcha phata la atomu. Ana amadziwa kale phata la nkhani, choncho samavutika nalo.

Pa "mapasa" ndaima nthawi, chifukwa ganizo lanu ndi labwino. Mwaona bwino kuti zinthuzi n'zofanana kwambiri. Vuto n'lakuti Mchewa akamva mapasa amawerenga awiri, pomwe haidrojeni ili ndi maaisotopu atatu opezeka m'chilengedwe, ndipo chitsulo cha tini chili ndi 10 okhazikika. Komanso mawuwa sakunena pomwe pagona kusiyana. Maaisotopu ndi maatomu a elementi imodzi (monga haidrojeni kapena kaboni) okhala ndi mapulotoni ofanana chiwerengero koma manyutironi osiyana, motero amasiyana kulemera. Kaboni-12 ndi kaboni-14 onse ali ndi mapulotoni 6, koma woyambayo ali ndi manyutironi 6, winayo 8. Chitsanzo chapafupi chili ku Kayelekera m'boma la Karonga: miyala ya yureniyamu ya kumeneko, monganso ya kwina kulikonse, ili ndi yureniyamu-238 yambiri ndi yureniyamu-235 yosakwana atomu imodzi pa maatomu 100 aliwonse, koma zonsezo zili ndi mapulotoni 92. Ine ndingakonde muzinena kuti aisotopu, kenako n'kuwonjezera kuti "elementi yomweyo, kulemera kosiyana". Chenjeraninso ndi mawu akuti "mtundu". Mukati kaboni ndi mtundu wa atomu, kenako n'kutinso kaboni-14 ndi mtundu wa atomu, mwana sadziwanso kuti elementi ndi iti, aisotopu ndi iti. Dzina loti aisotopu analifalitsa Frederick Soddy mu 1913, ndipo m'Chigiriki limatanthauza "malo amodzi", popeza maaisotopu onse a elementi imodzi amakhala m'bokosi limodzi pa periodic table.

"Gome la nyengo" lokha lisiyeni ndithu. Gome timadyerapo, ndipo nyengo kwa ife ndi dzinja, chisanu kapena chilimwe. Chimene Dmitri Mendeleev anaona mu 1869 n'chakuti ukandandalika maelementi, makhalidwe awo amabwerezabwereza. Iye anatsata kulemera kwake, koma lero timatsata chiwerengero cha mapulotoni, kuyambira haidrojeni pa 1 mpaka elementi ya 118. N'chifukwa chake sodiyamu, nambala 11, ndi potaziyamu, nambala 19, zili mumzere umodzi wotsika ndipo zonse zimawira mwaukali zikaponyedwa m'madzi. Nenani kuti tchati cha maelementi, ndipo dzina la Chingelezi lilembeni pambali pake pabolodi, poti ndi lomwe anawo adzalipeze papepala la mayeso.