Phwando la Aneba Likutisowetsa Tulo

Funso: Akonzi, aneba athu amachita phwando pafupifupi Loweruka lililonse mpaka tambala woyamba kulira. Mazenera amanjenjemera, ndipo khanda lathu limadzidzimuka n'kumalira usiku wonse, koma sindikufuna kudana nawo. Kodi nditani? Ndine mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, pakuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti usiku phokoso la m'chipinda chogona lisapitirire ma decibel 30 (muyeso wa kukula kwa phokoso), omwe sasiyana kwenikweni ndi kunong'ona. Musapiteko usiku womwewo pamene chisangalalo chili pakati ndipo ena alawako; dikirani kuche, mukawapeze mwaulemu ndi kuwafotokozera mmene khandalo likuvutikira, chifukwa kawirikawiri mwini phwando sadziwa kuti kugunda kwa besi kumadutsa m'makoma ngakhale zitseko zili zotseka. Apempheni asunthe masipika kuti asagunde khoma, azichepetsa besi ikakwana 10 koloko, komanso azikudziwitsani nthawi ikadalipo. Akapanda kusintha, lembani masiku ndi maola a phokosolo, kenako mukadandaule kwa mwini nyumba kapena akuluakulu a dera lanu pamodzi ndi aneba ena amene akusowanso tulo.