Mwana wa aneba ali ndi chikuku, anga nditani nawo?

FUNSO: Anamwino, ndimakhala pa lendi ku Ndirande, mabanja asanu mpanda umodzi, mpopi ndi bafa timagawana. Mwana wa aneba wagwidwa ndi chikuku sabata ino, ndipo wanga wa zaka zitatu amasewera naye tsiku ndi tsiku. Katemera wa chikuku anabayitsa kamodzi kokha ali ndi miyezi 9. Ndilinso ndi khanda la miyezi 7. Apongozi akuti ndisade nkhawa, mwana aliyense amadwala chikuku, bola tisadzamusambitse. Nditani? Mayi wa ana awiri, Ndirande.

YANKHO: Mayi, musadikire tsiku la sikelo. Mawa m'mamawa tengani ana onse awiri ndi mabuku awo a kuchipatala, ndipo mukangofika muuze anamwino kapena alangizi a zaumoyo kuti pampanda panu pabuka chikuku. Ngati wina wayamba kale kutentha thupi, nenani muli pakhomo pomwe kuti asakuikeni pamzere umodzi ndi makanda ena.

Ndikukufulumizitsani chifukwa kachilombo ka chikuku kamayenda mumpweya. Wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula, kamatha kukhalabe m'chipindamo mpaka maola awiri iye atachoka. Mwa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala naye pafupi, 9 amatenga. Chovuta kwambiri n'chakuti mwana amayamba kupatsira anzake kutatsala masiku 4 kuti zidzolo zituluke, aliyense akuyesa chimfine wamba. Ndiye kuti wanu wa zaka zitatuyo anakumana nako kale kachilomboka.

Katemera wachiwiri wa chikuku, amene kuno kwathu amaperekedwa kuyambira pa miyezi 15, ndi amene amandipweteketsa mtima. Amayi ambiri mwana akangoyamba kuyenda amasiya sikelo, poganiza kuti zonse zatha. Koma mwa ana 100 obayidwa pa miyezi 9, pafupifupi 15 chitetezo chawo sichikhwima, ndipo jakisoni wachiwiriyo ndi amene amawapulumutsa. Simunachedwe, mwana wa zaka zitatu akhoza kulandirabe, ndipo m'zipatala za boma ndi waulere. Akabayidwa pasanathe masiku atatu chikumanirane ndi wodwala, katemera amatha kuletsa matendawa kapena kuwachepetsa mphamvu.

Khandalo ndi limene lili pachiopsezo chachikulu. Chitetezo chimene linatengera kwa inu m'mimba chimakhala chikutha pa msinkhu umenewu, pamene tsiku la katemera silinakwane. Matenda akabuka, achipatala amatha kubaya ana kuyambira miyezi 6, choncho mukafunse. Akalibaya, lidzalandirabe katemera wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15. Pitirizani kuyamwitsa, musalowe nalo m'nyumba mwa aneba, ndipo ana asasewere limodzi mpaka patadutsa masiku 4 zidzolo zitatuluka. Ngati pampandapo pali mayi woyembekezera, mwana wonyentchera kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika chifukwa cha HIV, auzeni nawonso, pakuti chikuku chimawagwira mwankhanza.

Apongozi anu akulankhula zimene anaona kale, nthawi imene chikuku chinkalowa pafupifupi khomo lililonse. Muwalemekeze, koma pa nkhani iyi musawamvere. Chikuku chimabweretsa chibayo, kutsekula m'mimba, mafinya m'khutu, ngakhale khungu. Mu 2010 dziko lino anthu oposa 130,000 anadwala ndipo pafupifupi 300 anamwalira. Za kusasambitsazo zilibe thandizo. Mwana wodwala musambitseni ndi madzi ofunda, mupukute manthongo ndi kansalu koyera, ndipo m'masomo musathire mankhwala azitsamba. Ndaonapo diso la mwana litachita chilonda chifukwa cha zothirathirazi.

Kwa masabata atatu akubwerawa muziwayang'anitsitsa ana anu. Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi kwambiri, chifuwa, mamina ndi maso ofiira, mwina ndi timadontho toyera m'kati mwa masaya. Zidzolo zimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu, kenako zimatsikira pathupi. Mukaona zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo akalandire vitamini A, amene amaperekedwa masiku awiri otsatizana. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikamalowa m'kati, akamakana bere kapena akakomoka, nyamukani ngakhale pakati pa usiku.