Makobidi a agogo musawakweche ndi phulusa

Achimwene a ku Bangula, mwafunsa kuti muyambire pati ndi makobidi amene mwapeza m'chitini cha malemu agogo anu, komanso ngati ndi bwino kuwatsuka kuti awale. Zotsukazo ayi ndithu. Ine ndinali ndi peni ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ija yoboola pakati yokhala ndi njovu ziwiri. Ndinaikwecha ndi phulusa ndi mandimu ngati ndikutsuka poto. Inawaladi tsiku limenelo, koma nditaiyang'ana padzuwa inali yokalikakalika paliponse, ndipo munthu wodziwa makobidi atangoitembenuza kamodzi anandibwezera. Ngati lina lili ndi matope, ingoliviikani m'madzi oyera, muliumitse ndi kansalu kofewa, basi.

Poyambira pake, yalani chitenje, muwasanje potsata chaka. Mukapeza a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu, amenewo ndi oyamba a dziko la Malawi, nthawi imene tinkawerenga mapaundi ndi mashereni. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, paundi imodzi kusinthidwa ndi makwacha awiri. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti zithunzi zina sanazitaye. Chimanga cha pa shereni chinapita pa 10 tambala, njovu za pa mashereni awiri zinapita pa 20 tambala. Ikani awiriwo pamodzi muone, ana amadabwa nazo. Kenako mudzakumana ndi a nkhope ya Muluzi, ndi K5 ndi K10 zolemera zija za mitundu iwiri zimene zinkatiboolera matumba a mathalauza, zisanabwere zing'onozing'ono za 2012.

Ife a kuno kuchigwa tili ndi mwayi umene a kumtunda alibe, Mozambique ali pakhomo. M'nyumba zambiri ku Nsanje, ku Marka ndi ku Makhanga muli ma escudo a Apwitikizi, omwe anasiya kugwira ntchito metical atabwera mu 1980, komanso ma metical akale amene anabwera ndi abale athu othawa nkhondo. Funsani azakhali ndi amalume musanaganize zogula. Ambiri amangokupatsani, ndipo nkhani ya mwini khobidiyo mumailandirira pomwepo. Ilembeni m'kope.

Kasungidwe ndiye nkhondo, ndi kutentha ndi chinyezi cha kuno. Chitini cha agogocho chichotseni, dzimbiri lake limadetsa makobidi. Lililonse likhale m'kaenvulopu kakekake ka pepala, mulembepo chaka, kenako zonse m'botolo lotseka bwino. Lamkuwa likayamba kutuluka zobiriwira, lipatuleni msanga. Botololo likhale pamwamba, pafupi ndi pamene mumaika ziphaso. Amene tinaona madzi a 2015 ndi a Freddy tikudziwa chifukwa chake.

Pali anyamata amayenda m'misika, ku Nchalo ndi ku Ngabu ndinawamvako, kumati ndalama yoboola ndi ya mamiliyoni, wogula alipo, koma muyambe mwapereka ya mayendedwe kapena yoyezetsera. Musapereke ngakhale tambala. Mapeni amenewo anapangidwa ochuluka zedi ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Jambulani asanu mbali zonse ziwiri, pamthunzi osati padzuwa, mutumize muno tithandizane kuwerenga zaka.