Mwana wokana kadzutsa: tiyambe ndi botolo la mkakalo

Mayi wina wandilembera imelo yaitali ndithu, koma mfundo yake ndi iyi. Ali ndi ana awiri, wina wa zaka 2, wina wa zaka 4. Wamng'onoyo akangodzuka amalira mpaka ampatse botolo la mkaka, ndipo akalimaliza safunanso kanthu. Phala amalipotolera khosi, dzira amalilavula, koma ikamati 10 koloko wayamba kuvuta, kufuna mabisiketi. Wamkuluyo amangofuna timasiriyo totsekemera ta m'katoni basi, tizakudya touma tija timathira mkaka. Funso lawo: "Ndiziwapatsa chiyani m'mawa chopatsa thanzi, chosachedwa kukonza, choti adye osandivutitsa?"

Mayi, mwafunsa za chakudya, koma ine ndiyamba ndi botololo, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mimba ya mwana wa zaka 2 ndi yaing'ono, yosasiyana kwambiri ndi kankhonya kake. Mukaidzaza ndi mkaka mbandakucha, phala lilowa pati? Madokotala a ana amalangiza kuti mwana wa msinkhu umenewu azimwa mkaka wokwana pafupifupi theka la lita patsiku, ndiwo makapu awiri, osapitirira kwambiri pamenepo. Mkaka wa ng'ombe umalimbitsa mafupa, sitikana, koma ayironi, amene amathandiza thupi kupanga magazi, mulibemo wokwanira, chikhalirecho mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 3 amafunika mamiligalamu 7 a ayironi tsiku lililonse. Mwana wokhalira mkaka amatha kuoneka wonenepa bwinobwino magazi akuchepa m'thupi.

Ndiye sinthani ndondomeko. Akadzuka mpatseni timadzi pang'ono, kenako chakudya, mkaka ubwere pamapeto, ndipo ubwere m'kapu. Masiku oyamba kudzakhala kulira, musadabwe nazo. Apatu sindikunena za mwana woyamwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka 2 ngakhale kupitirira apo.

China chimene makolo ambiri sauzidwa n'chakuti mwana akatha chaka chimodzi amakula pang'onopang'ono. M'chaka choyamba kulemera kwake kumachuluka pafupifupi katatu, koma pambuyo pake amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu pachaka. Njala yake nayonso imatsika. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi supuni yaikulu imodzi ya chakudya chilichonse pa chaka chilichonse cha msinkhu wake. Kwa wanuyo, masupuni awiri a phala, awiri a dzira, awiri a chipatso. Mukaziona m'mbale mudzati ndamumana, koma akafuna zina anena yekha.

Tsopano chakudyacho. Ine ndimangoyang'ana zinthu zitatu m'mbale: chokhutitsa, chomanga thupi, ndi chipatso. Phala la oats lophikidwa ndi mkaka limapsa m'mphindi zochepa. Lisakhale lamadzimadzi, mukapendeketsa supuni lizitsika mozengereza, chifukwa phala lamadzi limadzaza mimba popanda mphamvu yokwanira. Mukaliphula sakanizanimo kasupuni ka chiponde ndi nthochi yokanyakanya. Sankhani nthochi ija yayamba madontho akuda pakhungu, imene ena amati yapitirira. Imeneyo imatsekemera mokwanira moti shuga simumufunanso.

Za dzira, ndikukayikira kuti mumampatsa lowiritsa. Ana ambiri chimene amadana nacho ndi kachikasu kouma kaja kamene kamamata kukamwa. Yesani kulimenya ndi timkaka pang'ono n'kulikazinga pamoto wofatsa, mukutakasa, lipse lonse koma likhale lofewa. Kapena viikani buledi m'dzira lomenyalo, mukazinge mbali zonse ziwiri, n'kumudula timizere toti agwire ndi dzanja lake. Pamsinkhu umenewu mwana amafuna kudzidyetsa yekha, ndipo nthawi zina akukana supuni yanu, osati chakudyacho. Njira ina imene imathandiza pa ana okana dzira ndi iyi: nthochi imodzi yokanya, mazira awiri, oats wodzaza dzanja, kusakaniza n'kukazinga timapanikeke ting'onoting'ono. Totsala tilowe mufiriji, mawa mungotenthetsa.

Tsiku lothamanga, yogati wosathira shuga wosakaniza ndi chipatso chodulidula ndi wokwanira. Buledi wopaka peyala kapena nyemba zotsala dzulo, zokanyidwa ndi kutenthetsedwa bwino, nayenso ndi kadzutsa wabwino kwambiri. Palibe lamulo loti chakudya cha m'mawa chizikhala chotsekemera. Ndipo chipatsocho si chokongoletsera mbale: vitamini C wa m'lalanje kapena tomato amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi mu oats. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi, amatchinga ayironi kulowa m'thupi, choncho asayandikire chakudya cha mwana.

Za wamkulu uja ndi siriyo wake, musatengeke ndi zithunzi za kutsogolo kwa katoni. Tembenuzani muwerenge shuga amene ali m'magalamu 100. Magalamu 4 a shuga ndi kasupuni kakang'ono kamodzi. Malinga ndi muyezo wa NHS, bungwe la zaumoyo la ku Britain, chakudya chopitirira magalamu 22.5 pa 100 ndi cha shuga wambiri, pamene cha magalamu 5 kutsika m'munsi ndi cha shuga wochepa. Mukawerenga makatoni ena okhala ndi tizidole toseka pachikuto mudzagwira pakamwa. Musamulande lero lomwe, mungautse mapiri pachigwa. Sakanizani theka ndi siriyo wosatsekemera, ndipo sabata ndi sabata muzichepetsa wotsekemerayo.

Juwisi naye musamukhulupirire chifukwa cha dzina la chipatso. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linanena mu 2017 kuti mwana wosakwana chaka asamwe juwisi, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 3 asapitirire mamililita 120 patsiku. Kwa ine, kuli bwino kungomupatsa chipatso chenichenicho adye.

Samalaninso za kutsamwa, chifukwa m'mawa ndi nthawi imene timadyetsa ana tikuthamanga. Adye atakhala pansi, inu muli pomwepo. Mphesa muzizidula m'litali panayi, mtedza wathunthu udikire akwane zaka 5, chiponde muzipaka mopyapyala, osamupatsa chibuluma pasupuni. Kwa owerenga amene ali ndi makanda, uchi ndi woletsedwa mpaka mwana atakwanitsa chaka, chifukwa ungamudwalitse matenda oopsa a botulism.

Nanga akakana zonsezi? Adzakanadi masiku ena. Ntchito yanu ndi kusankha chakudya ndi nthawi yodyera. Kuchuluka kwa zimene adye n'kwa iye. Musamuthamangitse ndi supuni nyumba yonse, musamulonjeze switi. Pakatha mphindi 20 chotsani mbale mwakachetechete. Ikakwana 10 koloko ija wayamba kufuna mabisiketi, mpatseni chipatso kapena buledi wa dzira uja anasiya. Akadziwa kuti kukana phala kumabala bisiketi, bwanji asakane? Chakudya chatsopano ana ena amachilawa atachiona m'mbale kakhumi kapena kuposa, choncho kulavula kwa lero kusakugwetseni mphwayi. Mukamadya naye chomwecho iye akuona, zimafulumirako.

Ndipo muziweruza ndi zimene wadya sabata yonse, osati m'mawa umodzi. Koma mukaona kuti zikhatho ndi mkati mwa zikope mwayera, akutopa msanga, akufuna kudya dothi, kapena sikelo yake yaima kwa miyezi ingapo, pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi. Mukawauzenso adokotala kuchuluka kwa mkaka umene amamwa patsiku.