Yankho kwa Mayi Amene Mwana Wawo Wamangidwa ku Cape Town pa Mlandu wa Tik

Mayi, ndalandira kalata yanu ndipo ndaiwerenga mofatsa. Mwafotokoza kuti mwana wanu wamwamuna, amene amagwira maganyu ku Cape Town, anamangidwa sabata yatha apolisi atachita chipikisheni m'chipinda chimene amagonamo ndi anzake awiri, ndipo pansi pa matiresi ena panapezeka timapaketi tinayi ta tik pamodzi ndi kaliwo wagalasi. Iye akuti katunduyo si wake, koma anzake ena akumulangiza kuti angovomera mlandu kuti zithe msanga. Mwafunsa kuti chilango chake n'chotani, ndiponso ngati malangizo amenewa ndi abwino. Ndiyambe ndi funso lachiwirili, chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa: mwana wanu asavomere mlandu, asalipire faindi ya kupolisi, ndiponso asasainire chikalata chilichonse asanakhale pansi ndi loya.

Tik ndi dzina limene anthu a kumeneko anapatsa mankhwala ozunguza bongo otchedwa methamphetamine, ndipo lamulo lokhudza mankhwalawa ndi Drugs and Drug Trafficking Act, nambala 140 la chaka cha 1992. Lamuloli limasiyanitsa milandu iwiri. Ndime 4(b) imanena za kupezeka ndi mankhwalawa kapena kuwagwiritsa ntchito, ndipo wopezeka wolakwa angalipitsidwe faindi, angatsekeredwe m'ndende mpaka zaka 15, kapenanso kulandira zonse ziwiri. Ndime 5(b) imanena za kuchita nawo malonda, ndipo apa chilango chingafike zaka 25. Dziwani kuti m'lamuloli malonda satanthauza kugulitsa kokha ayi. Kunyamulira munthu wina kapena kupatsako mnzako, ngakhale popanda ndalama, kungalowe m'gulu lomweli. Palinso lamulo lina la 1997 limene limati ngati mtengo wa mankhwala amene munthu amachita nawo malonda ukupitirira R50,000, kapena R10,000 pamene anthu achitira limodzi ngati gulu, wolakwa koyamba alandire zaka zosachepera 15, pokhapokha pali zifukwa zamphamvu zochepetsera. Zaka zimenezi zisakufooketseni. Ndi malire apamwamba, ndipo pa timapaketi tochepa, kwa munthu amene sanapalamulepo, makhoti kawirikawiri amapereka faindi kapena chilango choimitsidwa, ndipo ali ndi mphamvu yotumiza munthu kumalo othandiza osiya mankhwala.

Tsono mungafunse kuti ngati chilango chingakhale chopepuka, n'chifukwa chiyani ndikukaniza kuvomera. Chifukwa chake n'chakuti mwana wanu ndi mlendo m'dzikolo. Ndime 29 ya Immigration Act ya 2002 imaika munthu wopezeka wolakwa pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo m'gulu la anthu oletsedwa kulowa kapena kukhala m'dzikomo. Faindi ya kuvomera mlandu, ngakhale ioneke yochepa, imawerengedwa ngati chigamulo cha khoti ndipo imasiya dzina la munthu m'kaundula wa opalamula. Motero angatuluke lero akusangalala, mawa n'kupezeka ali ku Lindela, malo osungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp, kudikira basi yomubweza kumudzi, njira yobwerera ku ntchito yake itatsekeka.

Pa mlandu weniweniwo, udindo wonse uli m'manja mwa boma. Woimira boma ayenera kutsimikizira khoti, popanda chikayiko chomveka, kuti mankhwalawo anali m'manja kapena m'ulamuliro wa mwana wanu, komanso kuti iye ankadziwa zimenezo. Kugona m'chipinda chimodzi ndi mwini katundu si umboni wokwanira. Poyamba lamulo la 1992 linkati munthu amene mankhwala apezeka pafupi naye aganiziridwe kuti ndi ake kufikira atadziyeretsa yekha, koma khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linathetsa ndime imeneyo mu 1998 pa mlandu wa Mello, chifukwa inkasenzetsa woimbidwa mlandu katundu amene ayenera kusenzedwa ndi boma. N'chifukwa chake mafunso ooneka aang'ono ali ndi mphamvu yaikulu: matiresiwo ndi a yani, ndani amagonapo, ndani ali ndi kiyi wa chipindacho, ndipo ndani analipo tsikulo. Komabe ndikuchenjezeni moona mtima kuti ngati anasungira mnzake timapaketito akudziwa chimene chinali m'katimo, lamulo limamuona ngati wopezeka nato. Auze loya wake zoona zokhazokha, pakuti zokambirana zawo ndi zachinsinsi.

Chachiwiri chimene loya adzafufuze ndi mmene chipikishenicho chinachitikira. Mu 2016, pa mlandu wa Kunjana, khoti lomwe lija linathetsa mphamvu imene lamulo la mankhwala linkapatsa apolisi yolowa m'nyumba za anthu popanda chikalata cha khoti. Lero angathe kutero pokhapokha mwini malo walola, kapena ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti chikalatacho akadapatsidwa koma kudikira kukadachititsa kuti umboni usowe. Ngati panalibe chimodzi mwa zimenezi, ndime 35(5) ya malamulo aakulu imalamula khoti kukana umboniwo ngati kuulandira kungapotoze chilungamo. Mwana wanu ayesetse kukumbukira, nkhani ikadali yatsopano m'mutu, ngati anaonetsedwa pepala lililonse ndiponso amene anatsegula chitseko.

Kuonjezera apo, wapolisi sangangoyang'ana ndi maso n'kunena kuti ichi ndi tik. Katunduyo amaikidwa m'thumba lomata lokhala ndi nambala, amalembedwa m'buku la kupolisi lotchedwa SAP 13, kenako amatumizidwa ku labotale ya apolisi, kumene katswiri amalemba chikalata cholumbira. Nambala ya thumba ikasiyana pakati pa siteshoni ndi labotale, umboni umagwedezeka. Zotsatira zimenezi zimachedwa kutuluka, ndipo mlandu ungaimitsidwe kangapo. Zikachedwa mopitirira muyeso, loya angapemphe kuti mlandu uchotsedwe kaye pa ndandanda wa khoti.

Lamulo limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, choncho mwana wanu ayenera kuti waonekera kale kwa majisitireti, ndipo chofunika tsopano ndi belo. Kwa mlendo, khoti limaopa kwambiri kuti angathawe, motero abale amene ali kumeneko akonze umboni wa kumene amakhala, kalata ya abwana ake ngati ilipo, ndi pasipoti yake, ndipo mmodzi akhale wokonzeka kuima m'khoti kunena kuti adzamusunga. Ngati masiku ake okhala m'dzikomo anatha, umenewo ndi mlandu wina pawokha ndipo umalemetsa pempho la belo, choncho loya adziwe zimenezi pasadakhale. Ndalama ya belo imalipiridwa kwa kalaliki wa khoti kapena pamalo ovomerezeka, ndipo pamaperekedwa lisiti imene muyenera kuisunga bwino, chifukwa ndalamayo imabwezedwa mlandu ukatha ngati sanajombe tsiku lililonse. Munthu akakuimbirani foni kuti mutumize ndalama yoti mlandu ufafanizidwe, musatumize, Mayi; chimenecho ndi chiphuphu kapena utambwali.

Ngati simungakwanitse loya wolipira, mwana wanu auze majisitireti kuti akufuna loya wa Legal Aid South Africa, amene amathandiza ndi alendo omwe pa milandu yotere. Ali ndi ufulu wokhala chete, ufulu woti ofesi ya kazembe wa Malawi idziwitsidwe za kumangidwa kwake, komanso ufulu wokhala ndi womasulira. Ngakhale amalankhulako Chingerezi kuntchito, apemphe womasulira Chichewa, pakuti chilankhulo cha m'khoti n'chozama ndipo "inde" mmodzi wonenedwa mosamvetsa angasanduke kuvomera mlandu. Mukalankhula naye, m'funseni nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi tsiku limene adzaonekerenso, ndipo mupereke zimenezi kwa wachibale amene adzapite kukhotiko.