Yankho kwa asuweni pa za shuga wa m'zipatso

Eee asuweni, funso lanu ndaliona. Kulemba kunditengera nthawi, bola ndingolankhula. Mwati kodi shuga wa m'zipatso amanenepetsa, kodi musiye mango ndi nthochi poti mukuchepetsa thupi. Mmm. Koma inu ndimakudziwani. Nkhani ndi diresi ija ya chinkhoswe cha Disembala, zipi yakana kukwera, ndiye mukusaka woti mumuimbe mlandu. Mwagwira mango poti alibe pakamwa podziteteza. Hahaha, ayi musatuluke pagulu, khalani.

Ndiyambe ndi amalume a ku Salima. Azakhali ngati mukumvetsera, ine simunandimve. Mukukumbukira chaka cha mbuzi ija... ayi, chotsatira chake, atagula njinga yamoto. Kuchipatala anawauza kuti BP yakwera, thupi litsike. Kufika pakhomo nkulengeza kuti kuyambira lero iwo ndi zachilengedwe zokhazokha. Zakumwa za m'botolo anasiyadi, pamenepo tiwayamikire. Shuga wa mu tiyi anasiya, nkulowetsa uchi, masipuni akuluakulu atatu, ati uchi ndi mankhwala. Ndiye achimwene a ku Joni aja nkuwatumizira kamakina kogayira zipatso. Ee, apo ndiye zinavuta. M'mawa uliwonse maboloma anayi, ayi ndikunama, asanu, kugaya jagi yodzadza. Nkusefa ndi sefa ya ufa ya azakhali kuti ulusi usawatsalire m'mano, zotsalazo kuponyera nkhuku. Kukhala pakhonde, wailesi pambali, jagi yonse kwiii. Kenako tiyi wa uchi uja. Masana nsima mitanda inayi monga mwa masiku onse, poti nsima "si shuga". Miyezi itatu, anatuma mwana kwa wosoka nsapato kukaboola lamba. Kunsonga kwa lamba asuweni, kunsonga! Atabwerera kuchipatala ati sikelo yawo ndi yakufa. Nkhuku ndi zimene zinkadya gawo labwinolo, mpake zinkaoneka bwino chaka chimenecho.

Tiwerengere limodzi. Magalamu 100 a mnofu wa bango ali ndi shuga pafupifupi magalamu 14, makalori 60. Makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Boloma lalikulu, mutachotsa khungu ndi njere, litha kufika magalamu 300. Ndiye shuga magalamu oposa 40, masipuni a tiyi 10, chifukwa sipuni ya tiyi imanyamula magalamu 4. Asanu ndi makalori 900, pamene mayi wamkulu tsiku lonse amafunika pafupifupi 2,000. Uchi sipuni yaikulu imodzi makalori oposa 60, ndipo thupi limaulandira ngati shuga basi. Amalume ankakhala atamaliza pafupifupi theka la chakudya cha tsiku dzuwa lisanatenthe, ali ndi njala yawo yomweyo.

Tsono nali yankho, poti ndazungulira. Inde shuga wa m'zipatso amawerengedwa, palibe makalori aulere. Koma chipatso chotafuna sichifanana ndi chipatso chomwa. Mukatafuna, muli madzi ambiri, muli tiulusi tija azachipatala amati faiba, m'mimba mumadzadza ndipo shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Ndani angadye malalanje atatu motsatizana osatopa kusenda? Koma kapu imodzi ya juwisi, ya mamililita 250, imadya malalanje ngati atatu, shuga magalamu oposa 20, mphindi imodzi yatha ndipo mukufunsa kuti nsima yapsa. N'chifukwa chake a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ponena kuti shuga wothira asapitirire masipuni a tiyi ngati 12 patsiku, amaphatikizamo uchi ndi juwisi, koma chipatso chathunthu sachiwerengera mmenemo. Amatinso zipatso ndi masamba pamodzi zifike magalamu 400 patsiku.

Ndiye chitani chonchi. Zipatso kawiri kapena katatu patsiku, ulendo uliwonse chokwana m'dzanja lanu limodzi. Nthochi imodzi yapakatikati, makalori 105. Lalanje limodzi, 60. Bango laling'ono limodzi, kapena theka la boloma. Papaya ndi mavwende ndi madzi okhaokha, magalamu 100 a vwende makalori 30 okha, mutha kudzadza mbale yaing'ono. Magwafa ndiye abwino zedi, amakhutitsa. Chenjerani ndi mapeyala, anthu amati poti satsekemera ndiye alibe vuto. Shuga mulibedi, koma ndi mafuta, magalamu 100 makalori 160, ndiye kota kapena theka la laling'ono. Juwisi wa malambe nayenso, malambewo alibe mlandu, koma muone shuga amene amathiramo kuti asawawase. Ndipo chipatsocho chilowe m'malo mwa chinachake, monga ndazi la pa 10 koloko lija, osati ndazi kenako nthochi pamwamba.

Ndipo asuweni... tiyi wanu uja. Tonse tinaona pa maliro paja. Masipuni atatu, makapu atatu patsiku, ndi masipuni 9, kuposa shuga wa nthochi ziwiri. Mafuta ophikira, sipuni yaikulu imodzi makalori 120, inu mumathira mongopendeketsa botolo. Yezani ndi sipuni. Nsima chotsani mtanda umodzi, ndiwo zamasamba zichuluke. Musachite zija zodya zipatso zokhazokha tsiku lonse, pofika madzulo mudzakhala mukunjenjemera nkudya mphika wonse. Theka la kilo pa sabata ndi liwiro labwino, kuchoka pano mpaka Disembala zipi ikwera.

O, china. Poti matenda a shuga a agogo aja tikuwadziwa, pitani mukayezetse, ndi kabaya kamodzi pachala. Akakupezani nawo, zipatso mudzadyabe koma mozimwaza, chimodzi pa nthawi, ndipo muyeso adzakupatsani kuchipatala komweko.

Ndiye mango musawasiye, atafuneni, awiri ang'onoang'ono patsiku akwana, osawagaya, osawasefa. Chimene musiye ndi shuga wa m'kapu. Mwamva? Wotafuna inde, womwa ayi. Ndipo amalume akakubwerekani kamakina kaja muwauze kuti magetsi kwanu kulibe. Azakhali, ndati simunandimve.