Kodi mkulu wa majaji ndi munthu wa pulezidenti?

Bambo wina wa ku Linthipe wanditumizira imelo. Akuti anatsutsana ndi alamu awo pa za khothi la Supreme. Alamuwo akuti majaji onse akumeneko amaikidwa ndi pulezidenti, choncho sangamuweruze mokhwima. Bamboyo akufunsa kuti khothili limakhala ndi anthu angati, amawasankha ndani, nanga wamkulu wawo amapezeka bwanji.

Bambo, alamu anuwo sananame kwenikweni, koma nkhaniyi aidulira pakati.

Tiyambe ndi khothi lenilenilo. Mukudziwa kuti mlandu ukakanika kwa nyakwawa umapita kwa gulupu, ukavutanso umakafika kwa Inkosi Kachindamoto kapena Mfumu Yaikulu Kaphuka. M'makhothi a boma mulinso makwerero otere. Mlandu ukhoza kuyambira kwa majisitireti pa boma la Dedza, wosakhutira nkuchita apilo ku High Court, ndipo kotsiriza ndi ku Supreme Court of Appeal ku Blantyre. Akagamula kumeneko, palibenso khothi lina m'dziko muno loti mukadandauleko.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa gawo 105, amati khothili likhale ndi Chief Justice, yemwe ndi mkulu wa majaji, pamodzi ndi majaji ena osachepera atatu. Pomva apilo amakhala atatu, asanu, asanu ndi awiri, koma osati anayi kapena asanu ndi mmodzi, kuopa kuti angagawanike pakati mlandu nkusowa mutu. Munthu woti akhale jaji ayenera kukhala woti anaweruzapo kale m'khothi lalikulu, kapena loya amene wakhala ndi chilolezo chogwira ntchitoyi kwa zaka zosachepera 10.

Tsopano pa wamkulu wawo. Gawo 111 limati pulezidenti ndiye amatchula dzina la Chief Justice, koma dzinalo limayenera kukavomerezedwa ku Nyumba ya Malamulo ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndipo akuvota. Pakavota aphungu 150, pafunika 100 ovomereza. Kuno kwathu si kawirikawiri chipani chimodzi kukhala ndi aphungu ochuluka chotero, ndiye pulezidenti sangangotola mnzake wa pamtima. Ayenera kupeza munthu amene otsutsa nawonso angamugwedezere mutu. Mayi Anastasia Msosa, mzimayi woyamba pa udindowu, anadutsa njira imeneyi mu 2013, a Andrew Nyirenda mu 2015, ndipo a Rizine Mzikamanda mu 2022.

Majaji enawo sadutsa kwa aphungu. Amasankhidwa ndi pulezidenti potsatira maina amene bungwe loona za ntchito ya majaji la Judicial Service Commission lamupatsa. Apa ndi pamene ineyo ndimaona kuti alamu anu ali ndi mfundo. Zokambirana za bungweli anthu wamba sitimazimva, timangomva pa wailesi kuti uje ndi uje alumbiritsidwa. Ndikanakonda mafunso amene amawafunsa anthuwa azimveka poyera, monga zimachitikira ku Kenya ndi ku South Africa.

Koma chimene alamu anu aiwala n'chakuti kuika jaji ndi kumuchotsa n'zosiyana kutali. Jaji akalumbira, amakhala pa mpando mpaka msinkhu wopumira, womwe unali zaka 65 ndipo aphungu anaukweza kufika pa 70 mu 2022. Kumuchotsa nthawi isanakwane kumafuna umboni woti walephera ntchito kapena wachita zosayenera, ndipo pali ndondomeko yake imene pulezidenti sangaidumphe. Kugamula mlandu mosakomera boma si chifukwa chochotsera jaji.

Zimenezi tinaziona ndi maso mu 2020. Pa 3 February majaji asanu a High Court anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha May 2019. Ambiri amawatchula kuti khothi la Constitutional, koma si khothi lapadera ayi; ndi majaji a High Court omwewo amene amakhala pamodzi, osachepera atatu, Chief Justice akatsimikiza kuti mlandu ukukhudza malamulo oyendetsera dziko. A Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho anachita apilo. Pa 8 May majaji asanu ndi awiri a Supreme anagwirizana ndi chigamulo choyambacho, ndipo amene ankawatsogolera anali a Nyirenda, omwe anaikidwa pa mpando ndi a Mutharika omwewo. Mu June boma linalengeza kuti a Nyirenda apite kutchuthi podikira kupuma. Maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo, khothi linapereka chiletso, ndipo a Nyirenda anakhalabe pa ntchito mpaka kumapeto kwa 2021.

Mwina alamu anu anganene kuti bwanji osangowavotera majajiwo tonse. Kwina zimachitika. Ku Wisconsin, limodzi mwa maboma a United States, anthu amavotera majaji asanu ndi awiri a khothi lawo lalikulu, aliyense nkukhala zaka 10, ndipo kuyambira 2015 majajiwo amasankha okha wowatsogolera pa zaka ziwiri zilizonse. Koma kumeneko ofuna ujaji amachita kampeni ndi ndalama zankhaninkhani zochokera kwa anthu amene mawa angadzakhale ndi mlandu m'khothi lomwelo. Tangoganizani jaji akuyenda pa msika wa Lizulu kugawa zitenje ndi matisheti, kenako mwezi wamawa nkukamva apilo ya mlandu wa malo wa amene anamugulira mafuta a galimoto. Ineyo njira imeneyo sindingaifune kuno.